Kuboola khoma lolowetsera zingwe za eriyo: momwe ntchito yayendera

17 Ogasiti 2024: Pawindo pakwana

Chilandirireni chiphaso cha amateur radio (wailesi yolankhulirana ndi anzako mosachita malonda) ku MACRA, zingwe zanga ziwiri za eriyo zakhala zikulowera pawindo la kachipinda ka wailesi. Ndinangosolola galasi limodzi la luva, n'kupinda gozi pakona, basi zingwe mkati. Kulankhula ndinkalankhula ndithu, anzathu a ku Zambia (maina awo a pawailesi amayamba ndi 9J) ndi a ku South Africa (ZS) ankandimva bwinobwino. Koma windolo silitsekeka, udzudzu umalowa usiku wonse, ndipo chitsulo cha felemu chayamba kutafuna khungu la chingwe chimodzi. Mayi a kunyumba anenetsa kuti mvula ya chaka chino isapeze windo lili chomwecho. Ndiye khoma libooledwe.

Zoyenera kudutsa ndi ziwiri. China ndi chingwe cha dipole ya 7 MHz, waya wa mamita pafupifupi 20 wopachikidwa pamlongoti wa bulugamu kuseri kwa nyumba. China ndi cha eriyo yoimirira ya 145 MHz yomwe ili pansonga pa mlongoti womwewo. Wailesi yayikulu imatulutsa mawati 100. Nyumba ili ku Lilongwe, ya njerwa zowotcha, khoma lakunja ndi lija amisiri amati la naini inchi, masentimita 23. Ndayeza pawindo, pamodzi ndi pulasitala wa mbali zonse lafika pa 27.

Poyamba ndinkaganiza zodutsira pa venti ya pamwamba pa windo, popeza bowo lilipo kale. Ndaleka. Ventiyo ili kumwamba kufupi ndi malata, pomwe ndodo ya ethi iyenera kukhala m'dothi. Mphenzi ikagunda chapafupi, ndikufuna moto wake upeze njira yaifupi yolowera m'nthaka zingwe zisanakhudze khoma, osati uyambe wakwera nazo mpaka kudenga. Za m'siling'i nazo ayi, mumenemo ndi mwa makoswe. Bowo likhala pansi, masentimita 40 kuchoka pasimenti ya m'chipinda. Kutsitsa kuposa pamenepo madzi ogwa kumalata akamathovukira pakhoma azilipeza, poti nyumbayi ilibe magata.

Ngati mukuchita lendi, yambani mwalankhula ndi eni nyumba. Bowo la masentimita 5 silibisika.

24 Ogasiti: Kusaka chingwe

Ndayenda m'mashopu a ku Malangalanga ndi chidutswa cha chingwe m'thumba. Kulikonse akuonetsa RG-6, chija cha madishi a TV. Mnyamata wa m'shopu ina anachita kunditsimikizira: "Madala, ndi chomwechi, aliyense akutenga chimenechi." Sichomwecho. RG-6 ndi cha 75 ohm pomwe wailesi zathu zimafuna 50. Kusiyana kumeneku pakokha si tsoka lalikulu, SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuwailesi, 1 ndiye yabwino koposa) imangokwera kufika cha pa 1.5, ndipo ena amachigwiritsa ntchito. Chondiletsa ine ndi china. Ulusi wake wozungulira ndi wa aluminiyamu, soda sagwirapo, ndipo pulagi ya PL-259 sikhala bwino. Waya wa pakati nawo ndi chitsulo chongokutidwa kopa. Ikanipo maginito muone, amakakamira.

Ndinapezanso mpukutu wolembedwa RG-58, koma nditasenda nsonga, ulusi wake unali wapatalipatali moti pulasitiki wa mkati ankaoneka. Ndausiya.

Ndaganiza motere. Kuchokera pansonga pa mlongoti kufika pakhoma ndi mamita 18. Pa 145 MHz, RG-58 wautali chonchi amadya kuposa theka la mphamvu isanafike ku eriyo, pomwe chingwe chonenepa cha RG-213 chimadya yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa 7 MHz kusiyana kwake n'kochepa, wokumverani sangazindikire. Choncho dipole ikhalabe ndi RG-58 wakale uja, ndingodula podyekapo, koma ya 145 MHz ilandire RG-213 watsopano.

Ndatuma mphwanga wa ku Johannesburg: mamita 20 a RG-213, mapulagi a PL-259 okwana 6, zotchingira mphenzi ziwiri zokhala ndi kachubu ka gasi mkati, mphete imodzi ya ferrite ya FT240-31 (yokulungapo chingwe kuti mphamvu isamayende kunja kwake), ndi tepi wa labala wodziphatika yekha. Zonse R3,200, ndipo wa basi atenga K25,000. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo siikhala malo amodzi, ndiye yomwe ndikulembayi ndi ya tsiku logulalo basi.

7 Sepitembala: Paipi yanji, ndipo m'khomamo muli chiyani

Katundu wafika. Ndisanagule paipi ndinatenga PL-259 kupita nayo kushopu, ndipo zinathandiza. Pulagiyi ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 19, mu kondyuti (paipi ya mawaya a magetsi) ya mamilimita 20 silowa n'komwe. Mu ya 25 imalowa yokha, koma mukakhala kale chingwe china imakana. RG-213 payekha ndi mamilimita 10, RG-58 ndi 5. Sindikufuna kuti tsiku lililonse losintha chingwe ndiyambe ndadula pulagi, ndipo ndikudziwa mtima wanga, eriyo yachitatu ikubwera. Ndatenga paipi ya PVC ya mamilimita 50, ija ya madzi a m'sinki.

Chidutswa cha paipi K4,500, chivundikiro chake K2,500, bokosi la pulasitiki losalowa madzi K16,000, biti ya khoma ya mamilimita 10 yotalika masentimita 40 K14,000.

Kenako ndinafuna kudziwa zomwe zili pansi pa pulasitala. Kondyuti ya magetsi imayenera kuchoka pa soketi n'kukwera molunjika kapena kupita chopingasa molunjika, ndiye ndinajambula bwalo langa masentimita 30 kumanja kwa soketi, pamwambako pang'ono, pomwe sipanayenera kukhala kanthu. Ndinazimitsabe meni switchi, n'kuyamba kugogoda pulasitala pang'onopang'ono ndi tchizulo. Pakati penipeni pa bwalolo panatulukira kondyuti yoyera, yoyenda chamtsamira kupita ku switchi ya pakhomo. Amene anayala waya m'nyumba muno anadula njira yachidule. Ndikanangoikapo dirilo, bwenzi tikukamba zina.

Bowo lasunthira kumanzere kwa soketi, komwe ndasendanso pulasitala n'kupeza njerwa yokhayokha. Poyambapo pakhala chigamba.

14 Sepitembala: Kuboola

Dirilo yogogoda ndabwereka K12,000 tsiku limodzi. Magetsi anazima m'mawa wonse, ntchito inayamba dzuwa litapendeka.

Bowo liyenera kutsetserekera kunja, kuti madzi akalowa m'paipi abwerere komwe achokera. Ndinkafuna kunja kutsike masentimita 2 poyerekeza ndi mkati. Ndi maso okha sizitheka, mkono umatopa n'kuyamba kugwetsa dirilo, biti n'kuloza kumwamba. Ndinasema kathabwa kotsetsereka n'kukaika pampando kuti dirilo izitsamira pamenepo.

Zovuta zinali zitatu, ndipo zonse n'za khoma lenilenilo.

Choyamba, biti ikakhudza mzere wa matope omangira imasiya njerwa n'kutsata mzerewo, chifukwa ndi wofewa. Yambirani pakati pa njerwa.

Chachiwiri, pakati pa khoma panali mphako. Njerwa za mkati ndi za kunja sizinadzadzidwe bwino pakati, ndiye biti itangopyola njerwa yoyamba inagwera m'malere, n'kukaluma yachiwiri pamalo olakwika. Ndinaibweza, n'kuigwira mwamphamvu pakathabwa paja, n'kuyambanso osayatsa kogogoda mpaka italuma pomwe ndimafuna.

Chachitatu ndiye chinandiwawa. Biti ikutuluka kunja kogogoda kali koyaka, inabudula pulasitala chigamu chachikulu ngati mbale ya nsima, pamodzi ndi nkhope ya njerwa. Mankhwala ake ndi tepi. Mumamata tepi pa biti pa masentimita 24, ikafika pamenepo mumazimitsa kogogoda, biti n'kumaliza yokha mongozungulira. Mabowo otsatira onse anatuluka osaswa kanthu.

Biti yaikulu yodulira bwalo ndilibe, ndipo yobwereka sindinaipeze. Ndinaboola timabowo mozungulira bwalolo kuti ndigumule pakati ndi tchizulo. Mkati zinayenda. Kunja njerwa inali yosapsa bwino, inkangonyenyeka. Mmisiri yemwe ndinamuitana kudzamata anaiyang'ana n'kuti, "Bwana, njerwa iyi tingoizula yonse, kusiyana n'kumalimbana nayo. Paipi tiigoneke m'matope atsopano." Ananena zoona. Kuizula kunatenga kanthawi kochepa kuposa komwe ndinataya ndikuiboola.

Paipi tinaidula masentimita 32, kuti kunja itulukire masentimita 3 olowa kumsana kwa bokosi, mkati itulukire 2 ovalapo chivundikiro. Tinaikwecha ndi sandipepa kuti matope agwire, n'kuitseka mbali zonse ndi nyuzi. Matope ake simenti imodzi, mchenga inayi. Asanaume ndinathira kapu ya madzi m'paipi kuchokera mkati, onse anatulukira kunja. Musadikire mawa kuti muyese zimenezi.

Simenti yopima makilo 5 K3,500, mmisiri K15,000. Wandiuza ndizithirira m'mawa ndi madzulo, poti dzuwa la Sepitembala limang'amba matope.

28 Sepitembala: Ndodo ya ethi

Apa ndi pomwe ndalama zapita, ndipo apa ndi pomwe ndikupempha oyamba kumene kuti asadumphe.

Ndodo ndi ya mamita 1.5, chitsulo chokutidwa kopa, K22,000, kalampu yake K4,000. Malo ake ndi pansi pa bowo, masentimita 70 kuchoka kukhoma kuti ndisagunde fondeshoni. Ndinayamba ndafufuza komwe kumadutsa paipi ya madzi ndi ya kuchimbudzi.

Katondo wa ku Lilongwe nthawi ino ya chaka ndi mwala. Ndodo inalowa chibakera chimodzi n'kuima, nyundo ikungodumpha. Ndinakumba dzenje lofika m'bondo, n'kulidzaza madzi madzulo, n'kulisiya usiku. M'mawa ndodo inayamba kuyenda, ndipo ikaima ndinkathiranso madzi n'kupita kukachita zina. Lowetsani kalampu pa ndodo musanayambe kukhoma. Mutu wa ndodo umaphwatalala ndi nyundo, ndipo kalampu siidzadutsanso. Ine ndinachita kupala mutuwo ndi tupa.

Oyandikana nawo anabwera ndi malangizo akuti ndithire mchere ndi makala m'dzenjemo, monga amachitira ambiri. Mchere umathandizadi kuti dothi lizilandira magetsi, koma umasuluka ndi mvula, ndipo usanasuluke umakhala utayamba kudya ndodo ndi kalampu. Sindinathire. Ndodo yachiwiri ndi yabwino kuposa thumba la mchere.

Ndodo yokha siikwanira. Nyumba ili kale ndi ndodo yake pansi pa mita ya magetsi, mamita 11 kuzungulira kona. Ndodo ziwiri zosalumikizana ndi ngozi: mphenzi ikagunda pafupi, dothi la apa ndi la uko limasiyana mavoti ochuluka zedi, ndipo moto umafuna njira yochokera ku ndodo ina kupita ku inzake. Njirayo ikasowa panja, imapezeka mkati, kudzera m'chingwe cha eriyo, m'wailesi, n'kutulukira pa pulagi ya pakhoma. Ndiye ziwirizi ziyenera kumangidwa pamodzi ndi waya wonenepa woyenda panja.

Gawo ili ndinaitana wamagetsi wa chilolezo cha MERA, chifukwa kukhudza ethi ya nyumba kumadalira momwe magetsi analowera m'nyumbamo, ndipo iye ndi amene angaone. Atafukula pa ndodo ya nyumba anandiitana: "Achimwene, tabwerani mudzaone." Kalampu inali itadyeka dzimbiri, waya akungogwedera, ndipo anausolola ndi zala ziwiri. Nyumba yonse, firiji ndi kuka yomwe, inali ndi ethi ya dzina lokha. Anaikapo kalampu ina.

Waya ndi wa kopa wa 16 mm², mamita 13 pa K5,500 mita imodzi, K71,500. Tinaukwirira m'kangalande kotsata khoma, pakona n'kuukhotetsa mozungulira, osati mothyola. Wamagetsi K30,000.

5 Okutobala: Bokosi

Bokosi lakhomedwa pakhoma, paipi yalowa kumsana kwake. Mkati mwake ndaikamo chimbale cha aluminiyamu cha mamilimita 3 chomwe ndinali nacho kale, ndipo zotchingira mphenzi zonse ziwiri zamangidwa pamenepo ndi mabawuti. Kuchoka pachimbale, waya wa 16 mm² watsika molunjika ku ndodo, osakwana mita imodzi ndi theka.

Kopa ndi aluminiyamu zikakhudzana pali chinyezi zimadyana, aluminiyamu n'kuyamba kutuwa ufa. Pa waya ndinaikapo lagi (kachitsulo ka kunsonga kolowa bawuti) yokutidwa tini, pakati wasara wa chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo aluminiyamu ndinamukwecha mpaka kuwala n'kupakapo girizi ndisanamange. Mabawuti, mawasara ndi zomangira zingwe K6,000.

Zingwe zochokera kumlongoti zikulowera pansi pa bokosi, osati pamwamba kapena m'mbali. Chilichonse chimayamba chatsika kupitirira bokosi, n'kukhota, n'kukwera kulowa. Madzi otsata chingwe amadonthera pokhotapo. RG-213 ndi wouma khosi, safuna kupindidwa mwadzidzidzi, ndiye ndamukhotetsa mozungulira chitini cha penti cha malita 5 kuti ndisapitirire muyeso. Pansi pa bokosi ndaboolanso kabowo ka mamilimita 4 kotulutsira thukuta, chifukwa bokosi lotsekeratu limasunga madzi ake lokha.

Zomangira zingwe tengani zakuda. Zoyera zomwe ndinamangira pamlongoti chaka chatha zikuthyoka ndikangozikhudza.

Silikoni woyamba amene anandipatsa kushopu ndinamununkhiza, fungo la viniga. Ameneyo akamauma amatulutsa asidi wodya kopa, sayenera kufika pafupi ndi mapulagi. Ndinasinthitsa ndi wolembedwa neutral cure, K11,000. Ndamata m'mbali ndi pamwamba pomwe bokosi lakumana ndi khoma, pansi ndasiya.

12 Okutobala: Mapulagi

Ayironi yanga ya mawati 30 yalephera PL-259. Thupi la pulagi limamwa kutentha konse, soda amangoundana pamwamba osalowa m'timabowo. Ukaumirira nthawi yaitali pulasitiki wa mkati mwa chingwe amasungunuka, waya wa pakati n'kusendera ku ulusi. Pulagi yoyamba inatha chomwecho: pamaso yokongola, koma mita yoyezera magetsi inalira, kusonyeza shoti, nditagusa pini ndi thupi.

Ndabwereka ayironi ya mawati 100 kwa mkulu wina wokonza mawailesi kumsika. Nsonga yake ndi yonenepa, imasunga moto, ndipo bowo lililonse limatha m'kamphindi. Mukamaliza musagwedeze chingwe mpaka chizizire.

Pulagi iliyonse iyesedwe chingwe chisanamangidwe ku eriyo. Pini ndi thupi zisagusane, pini ya uku ndi ya uko zigusane, matupi chimodzimodzi. Eriyo zina zikamangidwa zimaonetsa ngati shoti pa mita pomwe zili bwinobwino, ndiye mukayesa zonse pamodzi simudziwa cholakwa.

Kumlongoti ndasiya mamita awiri a RG-213 opiringiza, osadula. Kuchokera m'bokosi kulowa m'chipinda ndagwiritsa zidutswa za RG-58, mita imodzi ndi theka chilichonse. Zadutsa m'paipi ndi mapulagi ake osavuta. Ndasiyamonso chingwe cha nayiloni chodzakokera china mtsogolo.

Galasi la luva labwerera pamalo pake, gozi watsopano wakhomedwa.

19 Okutobala: Manambala abwino, nyumba ikulira

NanoVNA, kachida koyezera eriyo, ikuonetsa SWR ya 1.3 pa 7.1 MHz ndi 1.4 pa 145 MHz. Ndinasangalala mpaka nditatsinikiza maiki pa mawati 100. Masipika a kompyuta anayamba kulankhula mawu anga mokhadzula, TV ya pabalaza n'kumadukiza, ndipo chitsulo cha maiki chinandiluma pamlomo. Mwana anathamanga kudzanena kuti, "Adadi, mukumveka mu TV."

Pawindo paja vutoli linalipo koma pang'ono. Dipole yanga inalibe chotsekereza pomwe chingwe chimalumikizana ndi waya, ndiye mphamvu ina imatsika kunja kwa ulusi wa chingwe, chingwecho n'kusanduka mbali ya eriyo. Nditasintha utali wake ndi njira yake zinakula, makamaka poti tsopano chinkayenda limodzi ndi chingwe cha dishi m'mbali mwa khoma mamita angapo.

Ndinatsitsa dipole n'kukulunga RG-58 yemweyo maulendo 12 pa mphete ya FT240-31, pafupi penipeni ndi polumikizira. Pulagi inayenera kuchoka kaye kuti chingwe chilowe m'mphete. Chingwe cha dishi ndinachisunthira mbali ina ya khoma, ndipo pomwe ziwirizi zikukumana zikungodutsana chopingasa. Maiki yasiya kuluma, TV yakhala chete. Masipika anatsala ndi kaphokoso, ndawasunthira kutali ndi wailesi.

Phindu lina lomwe sindinaliyembekezere: phokoso pa 7 MHz latsika kuchoka pa S7 kufika pa S5 pa sikelo ya wailesi yoonetsa mphamvu ya zomwe ikulandira. Chingwe chinkatolera zinyalala za inveta ndi mababu a LED a m'nyumba n'kuzikweza ku eriyo. Mphete yachiwiri ya pakhoma ndiitanitsa mphwanga akamabwera pa Khirisimasi.

9 Novembala: Alendo

Ndinatsegula bokosi kuti ndione momwe zilili, mavu anali atayamba kale kumata dothi m'kamwa mwa paipi, ndipo mzere wa nyerere unkalowera pa kabowo ka thukuta n'kutulukira m'chipinda kuseri kwa tebulo. Paipi ndinali nditaisiya pululu.

Simenti kapena silikoni m'paipi ayi, chifukwa ndidzafuna kudutsitsa chingwe china. Sitiliwulo amaletsa makoswe koma amachita dzimbiri, ndipo tizidutswa take tikagwera m'pulagi ndi shoti. Ndapiringiza gozi wotsala pawindo uja n'kumukankhira m'paipi mozungulira zingwe, kutsogolo kwake n'kutsekapo siponji yothina mbali zonse ziwiri. Pa kabowo ka thukuta ndamatapo kachidutswa ka gozi. Chivundikiro cha mkati ndachicheka mpata woti zingwe zizituluka.

14 Disembala: Mvula yayesa ntchito

Mvula yagwa yamphamvu masabata apitawa, ina yamphepo yomenya khoma lomweli. Paipi ndi youma, bokosi louma, pulasitala wa mkati alibe banga. Madzi akudonthera pokhota zingwe paja monga ndinafunira.

Vuto latulukira kumwamba. Mnzanga wa 7Q (chizindikiro cha ife a ku Malawi) kutsidya kwa mzinda anandiuza kuti pa 145 MHz ndikumveka mofooka masiku ena, ena bwino. Nditayamba kuyeza ndinaona kuti SWR ikutsata nyengo: ikagwa mvula imakwera kufika 2.5, dzuwa likawomba masana imatsikira cha ku 1.6. Chinthu chikamasintha ndi mvula, m'bokosi mouma simungakhale gwero.

Tinagwetsa mlongoti ndi anyamata awiri. PL-259 ya pansi pa eriyo ndinali nditaikulunga ndi tepi wamba wa magetsi, poganiza kuti chipewa cha eriyo chiziiteteza. Tepiyo anali atamatuka ndi kutentha kwa Okutobala. PL-259 payokha siitchinga madzi ngakhale pang'ono. Nditamasula, madzi anadontha m'pulagi, ndipo nditasenda khungu la chingwe ulusi unali utada. Ulusi umamwa madzi n'kuwatsitsa m'chingwe pang'onopang'ono. Ndinadula chidutswa, wakuda. China, wakudabe. Kopa wowala anayamba kuoneka nditataya mita imodzi ndi theka. Mamita awiri opiringiza aja ndi amene apulumutsa chingwe chonse.

Pulagi yatsopano ndaikulunga motere: tepi wa labala wodziphatika, womukoka mpaka atapyapyala, kuyambira pachingwe pansi kukwera mpaka pathupi la eriyo, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Pamwamba pake tepi wamba wakuda maulendo awiri, womuteteza ku dzuwa. Mzere womaliza wa tepi wamba osaukoka, ukakokedwa umabwerera n'kumatuka. Polumikizira dipole ndachitanso chimodzimodzi, ngakhale panali pouma. SWR yabwerera pa 1.4 ndipo mvula ya dzulo siinaisunthe.

Chenjezo kwa omwe ali ndi zingwe zakale: chingwe chomwe chinamwa madzi kalekale chimatha kuonetsa SWR yokongola, chifukwa chimadya mphamvu yopita ndi yobwerera yomwe. Mita ikamasangalatsa koma anthu sakukumvani, sendani nsonga muone ulusi.

21 Disembala: Pomwe tafika

Zotchingira mphenzi zimathandiza pa moto wobwera ndi mphenzi yogunda chapafupi. Yogunda mlongoti weniweniwo sindizikhulupirira. Ndiye kumwamba kukayamba kuda, ndimatuluka n'kumasula zidutswa ziwiri zolowa m'nyumba pa zotchingirazo, mkati n'kuzula pulagi ya magetsi ya wailesi. Zingwe za eriyo zimatsala zomangidwa pachimbale ndi ndodo, panja. Izi zimachitika mabingu asanayandikire. Akafika pamutu, bokosi silikhudzidwa. Ena amamasula chingwe m'chipinda n'kulowetsa pulagi m'botolo lagalasi, koma moto wodumpha mtunda wonse kuchokera kumitambo sungaimitsidwe ndi botolo, ndipo chingwecho chimakhala chili m'nyumbabe.

Kutuluka panja kukuda n'kosautsa, makamaka usiku, ndipo masikuluu anayi a chitseko cha bokosi amachedwetsa. Ndawachotsa n'kuikapo mahinji ndi kaloko.

Ndalama zonse za kuno zafika cha pa K240,000, osawerengera R3,200 ya ku Johannesburg. Kuboola kwenikweniko, paipi ndi chivundikiro chake, biti, dirilo, simenti ndi mmisiri, kwangopitirira pang'ono K50,000. Ethi yokha yadya K127,500.

Zatsala ziwiri. Dothi likadali lofewa chonchi ndikhoma ndodo yachiwiri, mamita atatu kuchoka pa yoyamba, motsata waya wopita ku mita, ndipo wamagetsi uja walonjeza kubwera ndi chida choyezera ethi. Mphete yachiwiri yafika dzulo ndi mphwanga. M'bokosi muno siikwana pamodzi ndi zotchingira, ndiye ikhala mkati mwa chipinda, pa chidutswa cha dipole pomwe changotuluka m'paipi, ndipo chidutswacho chiyenera kusinthidwa ndi chotalikirapo mita imodzi kuti maulendo 12 akwane.